KULANKHULA KOPANDA PAKAMWA

Tsiku lina mukakhala cete, tayesani kuchula liu lakuti "madzi" pang'onopang'ono, ndi kusamalira zimene zicitika m'thupi mwanu. Poyamba mapapu akankha mpweya; mpweyawo upyola pa kholingo nusanduka liu; milomo itsekeka ndi kutsegukanso pochula "ma", ndipo nsonga ya lilime ikhudza kuseri kwa mano pochula "dzi". Zonsezi zicitika m'kanthawi kocepa, ndipo inu simuziganizira konse, pakuti munaziphunzira mukali pamsana pa amai anu.

Wolamulira nchito yonseyi ndi bongo. Tingayerekeze bongo ndi mfumu ya mudzi, ndipo mitsempha ndiyo amithenga ace. Mfumu ikafuna kunena kanthu kwa anthu a kutsidya la mtsinje, ituma mthenga. Koma tinene kuti mvula ya usiku yakokolola mlatho. Mfumu ili moyo, nzeru zace zili bwino, mau ili nao. Koma mthenga aima pa gombe, sangathe kuoloka. Anthu a kutsidya akadikira masiku ambiri osamva kanthu, ayamba kunena kuti, "Mfumu ija ilibe mau." Umu ndimo zikhalira ndi anthu ambiri amene satha kulankhula ndi pakamwa.

Mlatho umenewu uonongeka m'njira zosiyanasiyana. Mwana wina abadwa mobvutika nacedwa kupuma, ndipo mbali ya bongo yolamulira ziwalo ipweteka cifukwa ca kusowa mpweya. Wina abadwa bwino, koma adwala malungo a m'bongo, kapena nthenda ija youmitsa khosi, ndipo pocira apezeka kuti miyendo, manja ndi lilime sizimumveranso. Akulu nao ziwagwera: mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika m'mutu, munthu amene dzulo anali kuweruza milandu pa bwalo, lero sangathe kupempha ngakhale madzi akumwa. Izi ndi nthenda za thupi monga nthenda zina zonse. Si ufiti ai, ndipo kulemala kotere sikupatsirana mwa kudyera mbale imodzi.

Musawasokoneze anthu awa ndi anthu osamva. Osamva ali ndi cinenero cao ca manja, cokwanira monga Cinyanja kapena Cibemba. Koma amene tinena za iwo lero, ambiri amva bwino lomwe, ndipo cinenero ca manja siciwathandiza popeza manja ao nao samvera. Ena mwa iwo aphunzira mocedwa, ena ali ndi nzeru zakuthwa kopambana. Koma poyang'ana nkhope cabe simungadziwe uyu ndani, uyo ndani. Imvani nkhani iyi.

Mu January 1988 mnyamata wa zaka 12 wa ku South Africa, dzina lace Martin Pistorius, anabwera kucokera ku sukulu alikudandaula pakhosi. Sanabwererenso ku sukuluko. Mwezi ndi mwezi thupi lace linafooka. Analeka kuyenda, analeka kudya yekha, ndipo potsiriza analeka kulankhula. Madokotala anayesa mankhwala a nthenda za m'bongo, koma pomaliza anauza makolo ace kuti nzeru za mwanayo zasanduka ngati za khanda, ndi kuti apite naye kunyumba akamsamalire kufikira tsiku la imfa yace.

Koma Martin sanafe. Ali ndi zaka ngati 16 nzeru zace zinayamba kubwerera, monga munthu wodzuka ku tulo tatikulu, ndipo pofika zaka 19 anali kumva ndi kuzindikira zonse zomzinga. Cobvuta cinali cakuti panalibe munthu wodziwa zimenezi. Atate ace anali kudzuka usiku pakapita maora awiri alionse kudzamtembenuza kuti asacite zilonda, ndipo m'mawa anali kumpereka ku nyumba yosamalirako olemala. Kumeneko anali kumkhazika patsogolo pa wailesi ya kanema, maora ndi maora, kuti aonere masewera a tiana, osadziwa kuti masewerawo amtopetsa koopsya. Popeza sanathe kufunsa nthawi, anaphunzira kuidziwa poyang'ana m'mene mithunzi isendera. Anthu anali kukamba zinsinsi zao pamaso pace monga akambira pamaso pa mtondo. Ena anamcitira nkhanza, podziwa kuti sadzaulula. Ndipo tsiku lina amai ace omwe, atatopa ndi kutaya mtima, ananena mau owawa pafupi naye, poganiza kuti sakumva. Iye anamva.

Amene anamuombola sanali dokotala wamkulu iai. Anali mai wina, Virna van der Walt, amene nchito yace inali kudzoza odwala mafuta ndi kuwasisita. Mai ameneyu anali ndi cizolowezi ca kulankhula naye monga alankhulira ndi munthu wamkulu, ndi kumuyang'ana m'maso polankhulapo. Pakupita kwa nthawi anaona kuti maso a mnyamatayo ayankha. Anaumiriza makolo kuti apite naye ku Yunivesite ya Pretoria, kumene kuli akatswiri a nchito yothandiza anthu osatha kulankhula. M'caka ca 2001, ali ndi zaka 25, Martin anakhazikidwa patsogolo pa zithunzi za zinthu zosiyanasiyana. Akatswiri aja anachula cinthu cimodzi, namuuza kuti ayang'ane cithunzi cace. Anayang'ana. Anachula cina, nayang'ananso cimene comwe. Panali patapita zaka 13 ciyambire kudwala kwace.

Cimene akatswiriwo anacita ndico ciyambi ca nchito yonse imeneyi: anafunafuna ciwalo cimodzi cimene cikali kumvera mwini wace. Mlatho ukakokoloka, munthu wanzeru atsata gombe kufikira apeze pooloka pena. Kwa Martin pooloka panali maso. Kwa wina ndi cala cimodzi, kwa wina mutu, kwa wina bondo. Christy Brown, wobadwa ku Dublin m'dziko la Ireland m'caka ca 1932, anali ndi phazi lamanzere lokha lomumvera. Ali ndi zaka 5 analanda coko kwa mlongo wace ndi zala za phazilo, ndipo amai ace anamphunzitsa kulemba A pansi. M'caka ca 1954 anatulutsa buku la moyo wace, lolembedwa ndi phazi lomwelo.

Ciwalo cikapezeka, mau oyamba kupangana ndi awiri: "inde" ndi "iai". Tinene kuti kuyang'ana kumwamba ndiko "inde", kuyang'ana pansi ndiko "iai". Mau awiriwa aoneka ocepa, koma munthu amene wadyetsedwa phala lotentha zaka zambiri osatha kukana adziwa kulemera kwa liu lakuti "iai". Pangano limeneli liyenera kudziwika kwa onse a m'nyumba ndi a ku sukulu, kuti mwanayo asalankhule ndi amai ace okha.

Koma "inde" ndi "iai" ali ndi malire. Woyankha cabe adikira kuti wina afunse, ndipo ngati funso loyenera silifunsidwa, mau ace afera m'mtima. Cifukwa cace pali thabwa la zithunzi. Ili lingapangidwe ndi katoni wolimba, wolembedwa mizere kuti pakhale timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse mujambulidwa cinthu cimodzi: nsima, madzi, cimbudzi, mphasa, agogo, mpira. Mwana wokhoza kuloza aloza ndi cala kapena ndi nkhonya. Wosakhoza ayang'ana ndi maso, ndipo kwa iye zithunzi zikhala zocepa ndi zotalikirana, kuti wopenya asasokonezeke. Cithunzi ciliconse cikhale pa malo ace osasunthidwa, monga mai aika mcere pa malo amodzi kuti aupeze ngakhale mumdima.

Nsima ndi mpira sizibvuta kujambula. Nanga cisoni mungacijambule bwanji? Nanga "dzulo"? Munthu wina, Charles Bliss, anaganizira zotere, ngakhale sanali kuganiza za olemala. Iye anapulumuka ku ndende zoopsya za m'dziko la Germany, nathawira ku Shanghai, kumene anacita cidwi ndi zilembo za anthu a ku China. Analakalaka malembedwe amene mitundu yonse ingawerenge, kuti anthu aleke kudana, ndipo anasindikiza zizindikiro zace ku Sydney m'caka ca 1949. M'malembedwe amenewo cithunzi ca mtima citanthauza zimene munthu amva m'kati mwace. Mtima ndi mubvi woloza kumwamba ndiko kukondwa. Mtima ndi mubvi woloza pansi ndico cisoni. Mitundu ya anthu sinasamale za nchito yaceyo. Koma m'caka ca 1971 mphunzitsi wina wa ku Toronto m'dziko la Canada, Shirley McNaughton, pamodzi ndi anzace, anayesa zizindikirozo pa ana olemala osatha kulankhula, ndipo ana amene kale anali kungoloza kapu ndi mbale anayamba kufunsa mafunso ndi kunena za kukhosi.

Apa pali cinthu cimene akulu aphonya kawirikawiri. Wosankha mau a pa thabwa si mwini thabwa, koma womsamalira. Ndipo womsamalira, popanda kufuna zoipa, asankha mau opeputsa nchito yace ya iye mwini: kudya, kumwa, kusamba, kugona. Taganizani kuti mau anu onse a tsiku lathunthu akhale anai amenewo! Thabwa labwino liyenera kukhala ndi "leka", "ndakwiya", "ndani?", "cifukwa ninji?", "pandipweteka", ngakhale "bodza!", pamodzi ndi maina a anthu a pamudzi. Mwana wopanda mau onenera amene anammenya ali pangozi yaikulu. Pakhalenso kabokosi kamodzi kotanthauza kuti, "Mau amene ndifuna palibe pano."

Thabwa siliphunzitsa lokha. Khanda limva anthu alikulankhula caka cathunthu lisanachule liu loyamba. Momwemonso mwana ayenera kuona ena alikuloza pa thabwa pamene alankhula naye, masiku ambiri, asanayambe kuloza yekha. Makolo ena aopa kuti mwana akazolowera thabwa adzacita ulesi kuyesa kulankhula ndi pakamwa. Ofufuza anaona kuti sizitero. Ana ena achula mau ambiri koposa kale atayamba kugwiritsa nchito zithunzi.

Kwa munthu wodziwa kuwerenga, thabwa loposa onse ndi la zilembo, pakuti ndi zilembo anganene ciliconse. Koma azisankha bwanji ngati sangathe kuloza? Mu December 1995 Jean-Dominique Bauby, mkonzi wa magazini ya Elle ku France, anadwala mwadzidzidzi nthenda ya mtsempha wa m'mutu ali ndi zaka 43. Potsitsimuka anapeza kuti thupi lonse lafa, kupatula cikope ca diso lamanzere ndi kugwedeza mutu pang'ono. M'cipatala ca ku Berck, m'mbali mwa nyanja, anamkonzera njira iyi: mnzace achula zilembo cimodzicimodzi, ndipo akafika pa cilembo cofunika, iye aphethira. Zilembozo sanaziyale monga A, B, C, koma anayamba ndi E, S, A, zimene zipezeka kawirikawiri m'Cifalansa, kuti nthawi isataike. M'mamawa anali kukonza mau ace m'mutu ndi kuwaloweza, ndipo masana mai wina, Claude Mendibil, anali kuwalemba cilembo ndi cilembo. Anaphethira nthawi ngati 200,000, natsiriza buku lathunthu. Bukulo linatuluka mu March 1997, ndipo mwini wace anamwalira patapita masiku owerengeka.

Tiyeni tione m'mene nchito yotere ingayendere m'Cinyanja. Njira ina yofulumirako ndiyo kuyala zilembo m'mizere isanu, mzere uliwonse woyamba ndi A, E, I, O kapena U, motere:

A B C D
E F G H
I J K L M N
O P R S T
U V W Y Z

Wothandiza afunsa mzere poyamba, pambuyo pace cilembo. Tinene kuti wodwala afuna "madzi". Wothandiza ati, "A? E? I?" Wodwala aphethira. "I? J? K? L? M?" Aphethiranso. Cilembo coyamba capezeka, patafunsidwa mafunso 8. Cilembo A cifuna mafunso 2, D cifuna 5, Z cifuna 10, ndipo I cifuna 4. Onse pamodzi ndi mafunso 29, kuti patuluke liu limodzi lija limene inu munachula poyamba paja osaliganizira.

Tsono wothandiza akatopa ayamba kulota mau asanathe. Kulotako kuthandiza nthawi zina, koma kuli ndi msampha. Atalemba M, A, D, Z, athamangira ku mtsuko nabwera ndi cikho ca madzi. Pamene wodwalayo anafuna kunena "madzulo", kufunsa ngati mwana wace adzabwera madzulo. Wamwa madzi amene sanafune, ndipo funso lace lataika. Cifukwa cace wothandiza wabwino akalota afunsa kuti, "Kodi ndi madzi?" nadikira "inde" kapena "iai".

Masiku ano kuli makina ogwira nchito ya wothandiza uja, ndi kuchulanso mauwo mokweza. Munthu wodziwika koposa amene analankhula ndi makina otere ndi Stephen Hawking, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cambridge m'dziko la England. Iye anali ndi nthenda yofooketsa ziwalo pang'onopang'ono kuyambira ali mnyamata. M'caka ca 1985 anadwala cibayo ali ku Geneva, ndipo madokotala anaboola pakhosi pace kuti apume. Moyo unapulumuka, koma liu linatha. Poyamba anali kusankha zilembo pa khadi mwa kukweza nsidze. Pambuyo pace Walter Woltosz wa ku California anamtumizira njira ya pa kompyuta: kuwala kuyenda pa mizere ya mau, ndipo kukafika pofunika iye atswanya kabatani ka m'dzanja. Motero anali kutulutsa mau ngati 15 pa mphindi imodzi, pamene wolankhula Cingerezi ndi pakamwa atulutsa ngati 150. Dzanja litafooka, anamuikira kacipangizo pa magalasi a m'maso, kozindikira kugwedezeka kwa tsaya. Liu la makinawo linali lachulidwe la ku America, ndipo pamene kunabwera mau ena okoma koposa, iye anawakana, popeza dziko lonse linali litazolowera liu lija kuti ndi lace. Anamwalira m'caka ca 2018 ali ndi zaka 76.

Kulinso makina okhala ndi kamera yotsata mboni ya diso, kotero kuti munthu akayang'anitsitsa cilembo, cilembeka cokha. Ndipo foni zina za m'manja zikhoza kuikidwa zithunzi zolankhula. Martin Pistorius uja anaphunzira kulankhula ndi kompyuta, nalembedwa nchito pa malo omwe aja anampimira maso. Anakwatira m'caka ca 2009, nasamukira ku England, ndipo mu 2011 anatulutsa buku losimba za zaka zace za cete. Komabe musanyoze katoni cifukwa ca zimenezi. Makina ndi a mtengo wapatali, afuna magetsi, ndipo saonekera bwino pa dzuwa lowala. Ngakhale amene ali nao asunga thabwa la pepala pafupi, pakuti batire itha, koma katoni wokutidwa m'pulasitiki apita nanu ku munda ndi ku cisime.

Pali cenjezo limodzi lalikulu. Anthu ena, pofuna kuthandiza, agwira dzanja la wolemala naliperekeza pa zilembo. Ku America m'zaka za m'ma 1990 ambiri anakondwera ndi njira imeneyi, poona ana amene sanalembepo alikutulutsa mau aatali. Koma ofufuza anaiyesa motere: anaonetsa mwana cithunzi cimodzi, ndi wogwira dzanja cithunzi cina, osadziwitsana. Liu limene linalembedwa linali la cithunzi cimene anaona wogwira dzanja uja. Sanali kunama dala ai; dzanja lace linali kutsogolera iye mwini osazindikira. Cotero mungagwire thabwa, mungakhazike mnzanu bwino pa mpando, mungacirikize msana wace. Koma kusankha kukhale kwace.

Kapena m'mudzi mwanu, kapena pa sukulu panu, pali mwana wotere. Mukakomana naye, mpatseni moni iye mwini, osati kufunsa womkankhira njinga kuti, "Wadzuka bwanji uyu?" Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ace. Funsani a kwao m'mene anenera "inde" ndi "iai". Funsani funso limodzi, osati atatu pamodzi. Ndipo mutafunsa, werengani camumtima mpaka 10 musanatsegulenso pakamwa, cifukwa thupi lotere licedwa kunyamuka, ndipo mukabwereza funso msanga, iye ayenera kuyambanso. Ngati simunamve, nenani kuti simunamve. Adziwa bwino lomwe pamene munthu angobvomera ndi mutu kuti acoke msanga.

MAFUNSO NDI ZOCITA

1. Kodi Martin Pistorius anadziwa bwanji nthawi m'zaka zija sanathe kufunsa? Ndani anazindikira kuti alikumva, ndipo anazindikira ndi ciani?
2. Pa thabwa la mizere isanu lija, dzina lanu lifuna mafunso angati?
3. Werengani zilembo za m'mizere 10 ya nkhani ino. Ndi cilembo citi cipezeka koposa m'Cinyanja? Mukadakhala okonzera wodwala thabwa, mukadayamba ndi zilembo ziti?
4. Khalani awiriawiri. Mmodzi apinde manja ndi kutseka pakamwa, nauze mnzace ndi maso okha cimene anadya dzulo madzulo. Mukatha, sinthanani.